Amene Anametedwa Kuphiri la Eliya

Si zoona ayi. Amene akukuuzani kuti Mayi Nedyalka a kuseri kwa siteshoni anakwera phiri ndi sizasi m'chikwama, n'kukameta mpala chibwenzi cha amuna awo pamaso pa amonke, kenako n'kuchidula khutu, ameneyo mumufunse ngati analipo. Sanalipo. Nkhaniyi yazungulira tauni yonse ya Mezdra, kumsika, pamzere wa buledi, ngakhale pamaliro, ndipo ikangofika pakamwa patsopano khutu lija limakula. Ena afika kale pa makutu awiri ndi nsonga ya mphuno. Sizasi inalipodi, magazi analipo, thumba la zoyera linatsikadi phiri. Koma amene anayamba kuifalitsa ndi mnansi wawo Sevda, ndipo Sevda anaigwira kumchira.

Nedyalka anabadwira kumudzi wa kumtunda kwa mtsinje, mwana wa woliza belu la tchalitchi. Anakula akuopa zinthu ziwiri zokha: mphepo yodutsa pakati pa zenera ndi chitseko, imene akuti inapha agogo ake, ndi Eliya Woyera, mwini mabingu. Oyera ena onse amawatenga ngati achibale, amatha kuwanyinyirika. Koma Eliya ayi. Bambo ake anamuuza ali kamwana kuti ameneyo sakumbutsa munthu kawiri, amangoponya mphezi.

Utsikana wake wonse unathera m'fakitale ya mabulangete, akudula ulusi wolendewera ndi chisizasi chachitali ngati mkono wa mwana. Fakitale itatsekedwa, anzake anatuluka akulira, iye anatuluka ndi sizasi ija m'kati mwa diresi, n'kunena kuti imeneyo ndiyo zikomo wake. Anakwatiwa ndi Gencho, wa kunjanji, amene ntchito yake inali kuyenda m'mbali mwa sitima akugogoda mawilo ndi nyundo kuti amve ngati lina lang'aluka. Munthuyo ankamva wilo lodwala ali kutali, koma mkazi wake akulankhula pafupi ndi khutu sankamva kanthu. Anabereka mwana mmodzi, Rumyana, amene ali ku Spain kusamalira nkhalamba za eni ake. Zaka makumi anayi za ukwati, Nedyalka sanakondepo kukwera sitima. Ankati sitima zinamudyera kale mwamuna, sizingamudyerenso tsiku.

Nyengo yozizira ya chaka cha dzana, mapapo a Gencho anakana ntchito. Anamugoneka m'chipatala, timachubu m'mphuno, ndipo dokotala anaitanira Nedyalka pambali n'kumufunsa ngati mwana wa ku Spain uja angabwere msanga. Nedyalka anagwada pakhonde pomwepo, pafupi ndi ndowa ya wokolopa, nawinda kwa Eliya: mukandibwezera nkhalamba yangayi, ndidzakupherani nkhosa yamphongo kunyumba yanu ya kuphiri, pa tsiku lanu la mu Julaye. Ndiyo kurban imeneyo, nsembe imene nyama yake imaphikidwa mumphika waukulu n'kudyedwa ndi aliyense wobwera, ndipo wochirayo amamulemba mtanda wa magazi pachipumi.

Gencho anadzuka. Nedyalka anakatenga kwa msuweni wake kamwana ka nkhosa kamasiye, koyera mbee, kokhala ndi banga lakuda kuzungulira diso lakumanzere. Anakaika m'kashedi ka nkhuni, napatsa mwamuna wake botolo la mkaka.

"Uzikayamwitsa iweyo, poti kakufera iwe," anatero. "Koma usakapatse dzina. Wamva?"

"Ndamva."

Dokotala anali atalamula kuti wodwalayo aziyenda. Ndiye tsiku lililonse anthu ankaona Gencho akukwekwereza mapazi m'mbali mwa njanji, kankhosa kakumutsata pambuyo ngati ngongole.

Tsiku la Eliya litayandikira, Nedyalka anagwa pamakwerero akuthyola zipatso, bondo n'kutupa ngati dzungu. Phiri linali losatheka. Gencho anapita yekha, anzake a kunjanji atamulola kukweza nkhosa m'bogi ya katundu. Madzulo anabwera ndi mtanda wa magazi pachipumi ndi botolo lalikulu la msuzi. Nedyalka anadya misozi ikugwera m'mbale. Nyama inali yolimbirapo kwa nkhosa yanthete chotero, koma za nsembe sadandaula. Anati chowinda chatha, ngongole ya kumwamba yatsekedwa.

Ndiye panayamba za Lachinayi.

Munthu amene m'tchalitchi analowamo tsiku la ukwati lokha, ndipo analowa cham'mbali ngati nkhanu, anayamba kupita kunyumba ya amonke mlungu uliwonse, ati kukayatsa kandulo. Ankameta ndevu, n'kuvala jekete la maliro. M'matumba ankaikamo makaroti ndi zidutswa za buledi wouma. Chipeso chachikulu cha m'bafa chinasowa. Ankabwera madzulo akuimba mluzu, masaya ali psuu. Nedyalka anati ndi chisomo, mpaka tsiku limene Sevda, mnansi wa kuseri kwa mpanda, anabwera kudzabwereka sefa.

Sevda anaika amuna awiri m'manda ndipo wachitatu anathawa asanafike pamzere. Maso ake sadutsa kanthu. Anaona jekete lili pachitseko, natolapo kanthu koyera kopotana ndi zala ziwiri.

"Achemwali, kandulo yake imamera tsitsi?"

Nedyalka anakafikisa pakati pa zala, nakanunkhiza. Zala zimenezo zinakalambira mu ubweya. "Ubweya wa nkhosa uwu. Wosachapa n'komwe."

"Ubweya wanji! Imvi izi, zopotedwa kusaluni. Chabwino, tinene kuti ubweya. Ndani amakhala ndi ubweya pamiyendo tsiku lonse? Woluka majuzi! Kunsi kwa phiri lija kuli kamudzi kodzaza akazi amasiye, onse oluka, onse anjala."

"Gencho? Amene amapumira panjira pokwera pabedi?"

"Amapumira panjira pabedi lanu, achemwali."

Nedyalka anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Mwamwayi unalipo. Iye amene anagwada pafupi ndi ndowa, iye amene anamuwombola munthuyu kwa imfa ndi nkhosa yathunthu, anamuchiritsira mkazi wina? Mkazi wake waulesi, wosachapa ndi ubweya womwe?

"Ndipita ndikamuone," anatero. "Lachinayi likubwerali."

Kunena n'kosavuta. Kukonza ulendo wa sitima mobisira munthu wa kunjanji, mutauni ya anthu a kunjanji, kuli ngati kuba belu. Nthawi za sitima zonse zinali m'mutu mwa Gencho, ndipo mkazi wake sanavutikepo kuziphunzira. Anachita kudikira mwamunayo atagona masana, n'kuzembera kusiteshoni atafunda mpango mpaka m'maso, dzuwa la Julaye, mwezi wotentha kuno, likuswa mtengo.

Pazenera la matikiti panali Bilyana, mwana wa mnzake wa Gencho.

"Azakhali a Nedyalka! Mwadwala mano?"

"Tsitsa mawu, mwana iwe. Ndikufunsira Sevda. Akufuna kukapempherera mitsempha ya m'miyendo kwa Eliya."

"Bwanji osangopita ndi bambo Gencho? Iwo Lachinayi salephera. Kondakitala amachita kuwasungira malo."

"Ndati tsitsa mawu!"

Bilyana anafotokoza. Sitima yothamanga siima pamenepo, imangodutsa ngati sikudziwa Mulungu. Yoima ndi yapang'onopang'ono ya m'mawa, ija imaima ngakhale poona mbuzi. Yobwerera ndi imodzi yokha, chakumadzulo, ndipo mukaiphonya mugona kwa amonke. Potsika pali njira yokwera, ya miyala, yosadutsa galimoto.

"Koma chachikulu ndi ichi, azakhali. Mukhale m'bogi yakutsogolo. Potsikira pake m'pafupi, pamakwana bogi imodzi basi. Zakumbuyozo zitseko zake zimatsegukira m'ngalande."

"Nanga Gencho amakhala iti?"

"Yakutsogolo, nanga n'kukhala iti?"

"M'ngalandemo muli chiyani?"

"Khwisa. Wofika m'chiuno."

"Ndipatse matikiti awiri," anatero Nedyalka. "A m'ngalande."

Masiku otsatirawo khitchini ya Sevda inasanduka likulu la nkhondo. Anakangana za zovala. Nedyalka anati siketi yaitali ndi mpango, poti akupita kumalo oyera, ndi nsapato zakumunda. Sevda anati mkazi sakakumana ndi mdani wake atavala ngati wopita kokumba mbatata, natulutsa nsapato zake zazidendene zosongoka, zimene anavala pamaliro a mwamuna wachiwiri. Anakangana za kamba. Ulendo unali wa tsiku limodzi, koma anaphika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, wokwana kudyetsa ukwati, mazira owiritsa, matimati, tchizi, ndi kabotolo ka rakiya, kachasu wa kuno, ati kothira pabala wina akavulala. Anakangananso za chida.

"Mutenge mpini wopsinjira ufa wokanda," anatero Sevda. "Susiya chizindikiro."

"Ine ndikufuna chizindikiro."

Nedyalka anatsegula kabati, natulutsa sizasi ya kufakitale. Sevda anagwira pakamwa.

"Mayo! Mukufuna kupha munthu?"

"Ndikufuna kumumeta. Ayende m'mudzi mwawo mutu uli ngati dzira, aliyense adziwe."

Anainola pamwala mpaka inayamba kudula mphepo.

Chinatsala ndi bodza louza mwamuna. Lachitatu pa chakudya, Nedyalka anati mawa apita ku Vratsa kukaonetsa bondo. Nkhope ya Gencho inawala. Anayamba kulakatula sitima zonse za ku Vratsa, yoima pati, yochedwa pati, mbali iti ya bogi ilibe dzuwa.

"Ndipita pa basi," anamudula.

Supuni inaima m'malere. "Pa basi? Mkazi wa munthu wa kunjanji? Nedyalka, ndakulakwira chiyani?"

Mayiyo anangomuyang'ana, nati mumtima: tsoka lako, mawa udziwa.

M'mawa mwake Nedyalka ndi Sevda anabisala kuseri kwa kanyumba ka nyuzipepala mpaka Gencho atakwera kutsogolo, ndevu zometa, matumba otupa. Iwo anathamangira kumchira. M'bogimo munali motentha ngati mu uvuni, ndipo mnyamata wina wa chikwama cha kumsana anatsegula zenera pamene chitseko chinali chotsegula kale. Nedyalka anaiwala kuti akubisala. Anakuwa kuti atseke, akufuna kupha anthu kodi, mayi ake sanamuphunzitse? Sevda anachita kumutseka pakamwa ndi dzira.

Sitima inalowa m'chigwa, ikutsata mtsinje, ikuboola mapiri. Inaima poona mbuzi, inaimanso posaona kanthu. Kenako inaima pamene panalibe ngakhale denga, benchi lokha pansi pa mtengo. Anatsegula chitseko. Pansi panali patali, pobiriwira mokongola.

"Dumphani inu, ndinu mwini nkhani," anatero Sevda.

Nedyalka anadzilemba mtanda, nadumpha. Khwisa anamulandira ndi manja awiri. Sevda anatsatira ndi dengu la banitsa, chidendene chimodzi n'kutsala m'matope mpaka lero. Mmene ankatuluka m'ngalandemo, miyendo ili zidzolo zokhazokha, sitima inali itapita, ndipo Gencho anali kadontho kakuda pakati pa phiri.

Sevda anayang'ana njira ija, nayang'ana nsapato yake. "Pitani, achemwali. Ine ndilondera kamba. Mukakuwa ndimva."

Nedyalka anakwera yekha. Njirayo inapangidwira mbuzi, ndipo mbuzi zake zosakwatiwa. Bondo linkalira pa mwala uliwonse. Akakweza maso ankaona Gencho kutsogolo, ndipo chimene ankaonacho chinamupweteka kuposa bondo. Nkhalamba imene chaka chatha inkagwira khoma popita kuchimbudzi inali kudumpha miyala, osapuma, osagwira ndodo, ikuimba mluzu! Anati mumtima: ndi zoona basi. Mankhwala a m'chipatala sathamangitsa munthu chonchi.

Anafika pachipata dzuwa lili pamutu, mpweya ukutuluka ngati wa mvukuto. Pabwalo panali mmonke wokalamba, Bambo Pahomiy, akuyenda motsimphina, dzanja lili m'chiuno. Nedyalka anapsompsona dzanja linalo monga mwa mwambo.

"Dalitsani, Abambo. Ndikufuna Gencho wa ku Mezdra. Ndine mkazi wake. Wa ukwati."

Mmonkeyo anakweza maso kumwamba. "Mulungu wamva kulira kwanga. Ali kukhola, mwana wanga, kuseri kwa khitchini."

Kukhola! Osati ngakhale m'nyumba! Nedyalka anatulutsa sizasi, nazungulira khoma. Asanaone kanthu anamva mawu a mwamuna wake, ofewa ngati batala, mawu amene iye sanawamvepo chikwatiwire.

"Wandisowa eti? Taona maso akowo. Ima bwino ndikupese, wokongola iwe. Ndakubweretsera zokoma."

Anatulukira pakona sizasi ili m'mwamba. Gencho anali atagwada pa udzu, chipeso cha m'bafa chili m'manja. Patsogolo pake panaima chinkhosa chachimuna chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, nyanga zopiringizika kawiri, ubweya ukukwekwereza pansi, chikutafuna karoti. Chinatembenuka n'kuyang'ana mlendoyo. Kuzungulira diso lakumanzere kunali banga lakuda.

Sizasi inagwa. Nedyalka anali atakonzekera mkazi wonenepa, mkazi woonda, ngakhale akazi awiri. Sanakonzekere kukumana ndi nyama imene anaidya chaka chatha.

"Nedyalka," anatero Gencho, akubisa chipeso kumbuyo ngati mwana. "Si Vratsa kuno."

"Ndinadya chiyani ine?"

"Ukuti bwanji?"

"M'botolo muja! Ndinadya chiyani, ndikulira, ndikuthokoza?"

"Msuzi wa banja lina la ku Svoge. Anthu abwino. Anali ndi wambiri."

"Nanga magazi a pachipumi?"

"A nkhosa yawo. Ndinapempha pang'ono."

Mayiyo anamenya mtengo wa khola ndi chikhatho. "Bola akanakhala mkazi! Bola akanakhala akazi khumi, oluka ndi osaluka! Wanamiza Eliya, chitsiru iwe! Wayenda chaka chathunthu pansi pa thambo ndi magazi obwereka! Ine kumagona tulo, kumati ngongole yatha, pamene mwini wake akungokuyang'ana kumwambako, akusankha mphezi!"

"Ndinafika naye pamtengo wophera, Nedyalka. Ndinafikadi. Wopha ananola mpeni. Ndiye iyeyu anangolowetsa mphuno m'thumba mwanga kufuna buledi, monga amachitira kunjanji kuja." Gencho anasisita nkhosayo pamutu. "Iwe unati akufera ine. Ine sindinapemphepo kuti wina andifere. Ndinamupereka kwa amonke wamoyo."

"Iyeyu? Wayamba kunena kuti iyeyu? Unam'patsa dzina!"

"Kondakitala. Chifukwa amasecha matumba a aliyense."

Bambo Pahomiy anali atafika, koma anaima patali ndithu, kuseri kwa mgolo wa madzi. "Mwana wanga, ndimvere. Ine ndinalandira chinthuchi chifukwa mwamuna wako ankalira ngati wamasiye. Ndinalakwa. Chandigunda kumbuyo ndikutunga madzi, chandigundanso ndikuwerama pa kabichi. Chinathamangitsa alendo a ku Sofia mpaka m'chimbudzi. Amonke anzanga amapita kukapemphera atanyamula ndodo. Tsiku la Woyera ndi mlungu wamawa, mphika ulipo, mpeni ulipo, wopha ndikhoza kumuitana lero lomwe. Chowinda ndi chako, si cha mwamuna wako. Nena mawu amodzi basi."

Kuseri kwa phiri kunagunda bingu, lakutali, ngati munthu wokonza kukhosi. Onse atatu anayang'ana kumwamba. Ndipo Gencho, kaya ndi fumbi la udzu kaya n'chiyani, anatsokomola.

Chifuwa chimenecho chinalowa Nedyalka m'mafupa. Anatola sizasi yake, nalowa m'tchalitchi.

Wophika wa amonke, amene anali kusenda anyezi pafupi ndi zenera ndipo makutu ake ndi abwino, akuti mayiyo sanagwade. Anaima pamaso pa chithunzi cha Eliya, chija ali pagaleta lamoto, manja ali m'chiuno.

"Ndabwera ndekha, musachite kunditumira mphezi. Ndine Nedyalka, mwana wa woliza belu, mukundidziwa. Ndinalonjeza, sindikukana. Ndimati ndinapereka, ndipo inu mukudziwa kuti sindinadziwe. Tsono tamvani. Munthu uja ndinamuona lero akukwera phiri lanuli ngati tonde. Mlungu uliwonse amakwera, chifukwa cha chinyama chimenecho. Ndikachipha, adzakhala pampando n'kumayang'ana khoma, ndipo pofika chisanu ndidzamubwezera kuchipatala. Ndikachisiya, ndiye ndakuberani. Mwandipanikiza pakati ngati chala pachitseko." Anapuma. "Inu munadyetsedwa ndi makwangwala, mukudziwa kuti nyama ina imasunga munthu. Magazi mulandira, koma osati onse. Otsalawo ndilipira ine. Ngati simukufuna, ponyani pano pomwe, pa ine, iye mumusiye."

Anadikira. Akuti anatseka maso, mapewa atakweza, kudikira moto. Kunja kunangolira nkhuku.

Anatuluka sizasi ili m'manja. Gencho ataona nkhope yake anaima kutsogolo kwa nkhosa, manja atatambasula.

"Uyambe ine."

"Choka apo, nkhalamba iwe, usandichititse manyazi. Gwira nyanga."

"Nedyalka..."

"Ndati gwira nyanga!"

Zaka makumi anayi zinagwira ntchito yake: anagwira. Bambo Pahomiy anayamba kale pemphero la nsembe, mosangalala kuposa mmene liyenera kunenedwera. Nedyalka anagwira khutu la Kondakitala, sizasi n'kungoti tche! kansonga kakang'ono ngati chikhadabo. Chinkhosa chinalira, chinaponda Gencho paphazi. Mayiyo anaviika chala chachikulu m'magaziwo, nalemba mtanda pachipumi pa mwamuna wake, akudinikiza ngati akufuna ufike kufupa.

"Awa ndiwo magazi ake enieni, pachipumi chake chenicheni," anatero mokweza, akuyang'ana kumwamba. "Otsalawo ndizibweretsa ndi bondo langali, Lachinayi lililonse, kukwera phiri lino wapansi, mpaka mmodzi wa atatufe atafa."

"Basi?" anafunsa Bambo Pahomiy. "Khutu lokha?"

"Basi, Abambo."

"Mwana wanga, taganizanso. Woyera amakonda zathunthu."

"Woyera ndalankhula naye. Sanakane."

Kenako anayang'ana chinyamacho bwinobwino, chikupuma wefuwefu m'chikhoti chake cha ubweya, ndipo mkwiyo wina, wa kufakitale, unamukwera. "Chaka chonse ukungopesa, osameta? M'dzuwa lino? Ndiwe wokonda kapena wozunza? Chigwetse pansi!"

Anachimeta pomwepo, kuyambira kukhosi mpaka kumchira, mmonke atakhalira miyendo yakumbuyo ndi nkhope ya munthu amene akubweza pang'ono. Chitadzuka chinali chochepa ndi theka, chamanyazi, chosathanso kuyang'ana munthu m'maso. Ubweya anaukanyizira m'thumba la ufa limene wophika anawapatsa.

Anatsika phiri mochedwa, Gencho atasenza thumba, dzanja lina atagwira mkono wa mkazi wake. Pabenchi paja anapeza Sevda atamaliza theka la banitsa ndi rakiya yense wa pabala. Anadzuka maso ali tong'o. Anaona magazi pachipumi pa Gencho, magazi pa siketi ya Nedyalka, sizasi yofiira kunsonga, ndi zoyera zopotana zikusuzumira pakamwa pa thumba.

"Mayi wanga ine! Achemwali, mwachitadi?"

"Ndameta," anatero Nedyalka.

"Zonsezi? Mutu umodzi? Nanga magaziwa?"

"Kakhutu chabe."

Gencho anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma chigongono chinamupeza m'nthiti. Mayiyo anali ataganiza kale potsika. Kudziwika kuti unameta mkazi mnzako, anthu amakupatsa njira pamsika. Koma kudziwika kuti nyumba yako inadyetsa Eliya Woyera msuzi wobwereka, ndani angakhale nawe pafupi mvula ikamabwera? Sitima yamadzulo isanafike ku Mezdra, bogi yonse inali itamva kwa Sevda, ndipo kondakitala weniweni anavulira Nedyalka chipewa.

Mpaka lero sanatsutsepo. Lachinayi lililonse mumuona pasiteshoni, m'bogi yakutsogolo tsopano, akulamula kuti mazenera atsekedwe, akutukwana bondo lake, pambali pake Gencho atavala juzi loyera lonunkha khola. Anthu amati amapita kukamulondera. Bingu likagunda, amamukokera mwamuna wake m'nyumba n'kuima yekha pakhomo, kuyang'ana kumwamba ngati munthu amene sakudziwa bwino ngati pangano lija linavomerezedwa. Bambo Pahomiy akutsimphinabe.

Zoona zake n'zakuti kuphiri kuja kunalibe mkazi aliyense, ndipo amene anametedwa n'kudulidwa khutu ndi nkhosa yamphongo yotchedwa Kondakitala, imene inayenera kufa chaka chatha koma ikudyabe makaroti.